Mtengo wa Tsaya Limodzi

Amene anamupatsa dzina lakuti Mapu ndi mlamu wake, mkazi wa achimwene ake, ndipo anamupatsira pagulu, abale ali pa chakudya. Chipsera chinali chitangouma kumene. Chinayambira pafupi ndi khutu lakumanzere, n'kutambalala patsaya lonse, kenako n'kutsetsereka ndi kamchira mpaka pachibwano. Mlamuyo anachiyang'ana atatsinzina pang'ono, monga ankayang'anira chilichonse, n'kunena kuti, "Usadandaule, ndi kamapu kakang'ono aka. Tikasochera tizionera pomwepa." Anthu anaseka, poti anali atakhuta ndipo tsayalo silinali lawo. Dzinalo linakakamira. Patapita zaka khumi ndi chimodzi, ngakhale makasitomala a ku situdiyo yojambulira zithunzi kumene ankagwira ntchito ankafika pakhomo n'kufunsa mwaulemu kuti, "A Mapu alipo?" Ankayesa kuti ndi dzina la makolo ake.

Woika chipseracho analinso mlamu yemweyo. Mapu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mawa lake ankayenera kukayamba ntchito yolandira alendo pahotela ina. Nthawi imeneyo mlamu wake anali ndi kasaluni ka mpando umodzi pakhonde, ndiye anadzipereka kuti amuwongola tsitsi mwaulere. Pashelefu panali zitini ziwiri za mankhwala owongolera tsitsi, zofanana mtundu ndi msinkhu. China chinali chofatsa, china chaukali, ndipo chosiyanitsa chake chinali timalemba tating'ono pachivindikiro. Tsono mayiyu maso ake anali ofooka chiyambire ali pasukulu. Magalasi anali nawo, okhuthala ngati pansi pa botolo, koma ankakhala m'chikwama, poti ankati amamukalambitsa. Tsitsi ankaluka mongodalira zala, ndipo anthu ankawazindikira ndi mawu awo.

Anatola chitini chaukali, n'kupaka mowolowa manja. Foni italira anatuluka nayo pabwalo kukakangana ndi telala wina za diresi. Mankhwala anayamba kuyenderera kuchokera pakhutu.

"Alamu, akundiwotcha," anaitana Mapu.

"Ndiye kuti akugwira ntchito. Pirira, usasunthe mutu."

Mapu sanasunthe. Anali mwana womvera, wokhala pakhomo pa achimwene ake, wodya zawo. Anakhala phee pampandopo, misozi ili chuchuchu, mpaka mkangano wa diresi unatha. Pomutsuka, khungu la patsaya linatsalira pathawulo. Achimwene ndi amayi atafika, mlamu anawauza kuti, "Ndinamuuza kuti asasunthe mutu, koma ana a masiku ano." Achimwene anangoweramitsa nkhope. Amayi anamukokera Mapu kuchipinda n'kumuuza kuti zachitika zachitika, asapasule banja la mlongo wake chifukwa cha tsaya. Kuhotela anaona bandeji n'kunena kuti abwere akachira. Atachira anapita, ndipo anamuuza kuti malo aja analowapo wina.

Ntchito ya zithunzi anaipeza mwangozi koma inamuyenera. Situdiyoyo inali kachipinda kotalika, kopanikizika pakati pa sitolo ya mankhwala ndi ya wosoka nsapato: nsalu yoyera kukhoma, kampando kozungulira, nyale ziwiri zokhala ndi maambulera, ndi kompyuta pakona. Mwini wake, bambo wachikulire wa manja onjenjemera, anamuphunzitsa zonse n'kumupatsa lamulo limodzi, lakuti chithunzi choyambirira safufuta. Ukonze pa kope, chenichenicho usunge. Kumeneko Mapu anatulukira kuti munthu wokhala kutsogolo kwa kamera sayang'ana wojambula. Aliyense amakhala kalikiliki ndi nkhope yake, kukonza kolala, kunyambita milomo, kufunsa ngati mafuta a pakhosi akuoneka. Pakompyuta ndiye anali katswiri. Ankachotsa ziphuphu za ana asukulu, makwinya a akwati, kutupa kwa m'maso kwa anthu okonda mowa, ndipo munthu ankatuluka akukhulupirira kuti ndi mmene anabadwira. Chipsera chake chokha ndicho sanachikonzepo, chifukwa sichinali pachithunzi chilichonse. Paukwati, paphwando, pa tsiku lobadwa la mwana wa achimwene, wogwira kamera anali iye. M'basi ankakhala kumanzere, pawindo, kuti tsayalo liziyang'ana kunja.

Amuna anabwerapo. Wina, mphunzitsi wa masamu, anatsala pang'ono kumutenga. Vuto lake linali lakuti ankakonda kunena kuti, "Ine chipseracho sindichiona n'komwe," ndipo ankanena katatu pasabata, maso ali pomwepo. Mapu anamubwezera mphete yake mu envulopu ya zithunzi za pachiphaso. Kuyambira pamenepo anakhala yekha m'chipinda chalendi cha pamwamba pa sitolo ya zitsulo, muli bedi, mbaula ndi kalilole wamng'ono wongokwanira kuonera mano.

Wina asakunamizeni kuti anakhululuka. Chakukhosi anachisunga bwinobwino, monga ankasungira zithunzi zoyambirira zija, ndipo m'mawa uliwonse posamba kumaso zala zake zinkamukumbutsa. Chomupweteka kwambiri sichinali khungu lolimba lija ayi. Chinali chakuti banja lonse, mpaka ana amene anabadwa pambuyo pake, linkadziwa kuti azakhali anasuntha mutu.

Mlamu uja zake zinayera. Kasaluni kanasanduka saluni ya mipando isanu ndi umodzi, ndipo kuseri kwake anayamba kusakaniza mafuta oyeretsa khungu m'ndowa n'kumathira m'timabotolo. Achimwene anasiya ukalipentala wawo n'kukhala oyendetsa galimoto ya akazi awo. Pabotolo lililonse panali nkhope ya mwini wake, yosalala, yowala mbee, ndipo nkhope imeneyo inali ntchito ya manja a Mapu. Yeniyeniyo mafuta omwewo anali ataidya. Inali ndi zigamba zakuda bii pamasaya onse awiri, timitsempha tofiira, tiziphuphu pachipumi, khungu lopyapyala ngati pepala lonyowa. Kunja ankaibisa ndi phaudala wokhuthala. Koma phaudala wotero pansi pa nyale za situdiyo amaoneka ngati dothi long'aluka, choncho kawiri pachaka ankabwera masana, abwana atapita kukadya, chitseko n'kukhomedwa, iye n'kusamba kumaso m'beseni. Mapu ankajambula n'kukonza osalandira kanthu, poti ndi pachibale. Kwa wojambula wina mayiyo sakanapita, chifukwa nkhani ikanafika kumsika iye asanafike kunyumba. Ankamudyera masuku pamutu mtsikanayo, ndipo potuluka ankati, "Zikomo, Mapu wanga."

Za makina a leza, ochiza khungu ndi kuwala, Mapu anazimva kwa namwino wina amene anabwera kudzajambulitsa chithunzi cha pachiphaso. Ameneyu yekha ndiye anayang'ana wojambula, ndipo kayang'anidwe kake sikanali ka chidwi kapena ka chisoni, kanali ka munthu woona ntchito yoti igwiridwe. Anati amagwira pachipatala cha khungu, m'nyumba yosanja ya kuseri kwa banki, ndipo kukaonana ndi dokotala koyamba sikodula. Mapu anasunga khadi lake miyezi iwiri asanapite.

Pamalo odikirira panali mipando yofewa ndi amayi onunkhira bwino, oti kuwayang'ana sungadziwe chimene akudwala. Dokotala anali mayi wamfupi wosachedwa ndi nkhani. Anamuyatsira nyale patsaya n'kulitsina uku ndi uku. Anafotokoza kuti makinawo amaboola khungu ndi kuwala, timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, n'kumasiya khungu labwino pakati pake kuti lithandize malo obooledwawo kuchira mwatsopano. Chipsera sichingatheretu, anatero, koma chingafewe, chingasalale, mtundu wake n'kuyandikira wa khungu linalo. Pangafunike maulendo anayi, motalikirana mwezi ndi theka. Pa khungu lakuda amayamba ayesa kaye pa kamalo kakang'ono, chifukwa anthu ena pamalopo pamada kuposa kale, ndipo pambuyo pake munthu ayenera kubisala dzuwa.

"Nanga mtengo?" anafunsa Mapu.

Namwino uja anatulutsa pepala lojambulidwa nkhope ya munthu, yodulidwadulidwa ndi mizere ngati chithunzi cha ng'ombe cha kubutchala: chipumi pachokha, tsaya lililonse palokha, kuzungulira maso, kuzungulira pakamwa, chibwano. Gawo lililonse linali ndi mtengo wake pa ulendo umodzi. Tsaya limodzi, ulendo umodzi, anali malipiro a Mapu a mwezi wathunthu. Namwino anatenga cholembera n'kujambula chipseracho papepalapo, ndipo cholembera chinadumpha mzere.

"Kamchira aka kalowa kuchibwano. Limenelo ndi gawo lina, amayi."

"Kakafupi ngati chala komweka?"

"Makina akangodutsa mzere, ndi gawo lina. Mizereyi sindinajambule ndine."

Mapu anafunsanso mafunso awiri atatu n'kutsika masitepe. Magawo awiri, maulendo anayi, kuphatikiza mafuta oteteza kudzuwa, zinkafika pa malipiro a miyezi isanu ndi iwiri, osadya, osalipira nyumba. Anaima m'mphepete mwa msewu, pepala m'manja, ndipo chimene anamva si chisoni, ndi mkwiyo woyera bwino. Zaka zonsezi, zimene mlamu anamuchitira zinalibe mtengo, ndiye aliyense ankatha kuzitcha zazing'ono. Tsopano zinali ndi mtengo, wolembedwa, wodindidwa chidindo, ndipo woyenera kulipira ankamudziwa.

Anayamba mwaulemu, kuti pasadzakhale wonena kuti sanapemphe. Lamlungu masana anapita kwa achimwene n'kuyala pepalalo patebulo la pabalaza. Achimwene analiwerenga n'kuimba mluzu. Mlamu analitenga, n'kuliyang'ana mozondoka osadziwa, n'kulibweza.

"Ndalama zonsezo chifukwa cha kachipsera kameneko? Anthu a m'zipatala zimenezi ndi akuba. Tenga botolo limodzi la mafuta anga, lalikulu lija, ndikuchotserako mtengo."

"Alamu, munandiwotcha ndi inu."

"Ayi, tisayambe zakale. Ukanapanda kusuntha mutu bwenzi tikukamba zina. Si choncho, abambo?"

Achimwene anayang'ana wailesi yakanema yozimitsa. "Achemwali, zinthu izi n'zokambirana," anatero, ndipo kukambirana kwawo kunathera pomwepo.

Mapu anapinda pepala lake kanayi. Sanalire, sanatukwane. Anatsanzika bwinobwino, mpaka kufunsa za sukulu ya ana. Ali pakhomo, mlamu anamukumbutsa kuti sitolo yake yatsopano ya pamsewu waukulu itsegulidwa kumapeto kwa mwezi, ndipo pakufunika chikwangwani chachikulu ngati khoma, cha nkhope yake. Anati abwera Lachitatu masana.

"Bwerani," anatero Mapu. Njira yonse yobwerera mtima wake unali myaa, ngati wa munthu amene wapeza kiyi wosowa kalekale.

Lachitatu chitseko chinakhomedwa, beseni linabwera, phaudala anatsalira m'madzi. Mapu anajambula zithunzi khumi ndi ziwiri n'kusankha chimene nkhope inayang'ana kamera mwachindunji, masaya onse ali poyera. Kenako anakhala pansi n'kupinda manja.

"Alamu, zaulere zatha. Kuyambira lero ndizilipiritsa monga amachitira kuchipatala kuja, gawo ndi gawo. Chipumi mtengo wake, tsaya lililonse mtengo wake, chibwano mtengo wake."

Mlamu anaseka chikhakhali mpaka kugwira nthiti. Ataona kuti akuseka yekha anakwiya, n'kuyamba kutchula mbale iliyonse imene Mapu anadyera pakhomo pake ali mtsikana. Koma chikwangwani chinkafunika, ndipo kwina kopita kunalibe. Anatsegula chikwama, n'kupapasa pansi pa kabokosi ka magalasi, n'kuponya mpukutu wa ndalama patebulo.

"Nazo za tsaya limodzi, ukapatse akuba anzakowo. Zotsalazo uchita ngati kale. Ndife anthu amodzi."

"Tsaya liti?"

"Lililonse, usanditopetse."

"Mwalipira tsaya limodzi, ndikonza tsaya limodzi."

"Eya, eya. Fulumira, kusaluni ndasiya anthu."

Mapu anasankha lakumanja. Analigwirira ntchito ndi mtima wonse, mlamu akuyankha mafoni kumbuyo kwake. Analisalaza, n'kuliwalitsa, mpaka linakhala tsaya la khanda. Lakumanzere, mbali imene iye anali ndi chipsera, sanalikhudze, ndipo chipumi, mphuno ndi chibwano anazisiya momwe nyale zinazipezera. Atamaliza anatembenuzira kompyuta kwa mwini nkhope.

"Onani musanavomereze. Valani magalasi."

"Magalasi a chiyani? Ndikuona bwinobwino."

"Alamu, chikwangwani chimenechi chikhala chachikulu. Valani magalasi muone."

"Iwe, ndati ndikuona. Chakongola. Tumiza."

Mapu anamupempha kachitatu, pang'onopang'ono, yankho akulidziwa, ndipo kukana kulikonse kunkamutsekemera. Mayiyo anatsinzinira kukompyuta, anaona chinthu chowala mbali imodzi, mbali inayo n'kuiyesa mthunzi wa akatswiri, basi n'kusaina pepala la osindikiza chikwangwani. Mawu oti alembedwe pansi pa chithunzi anatchula yekha: "Zaka khumi ndikudzola. Nkhope yanga ndiyo umboni."

Abwana pobwera kokadya anapeza chithunzicho chidakali pakompyuta. Anachiyang'ana kwa nthawi.

"Ichi sunamalize, mwana wanga."

"Ndamaliza pamene alipira."

Mkuluyo anayang'ana tsaya la Mapu, chinthu chimene sankachita, n'kupita kukatereka madzi a tiyi. Mawa lake osindikiza nawo anaimba foni kufunsa ngati chithunzicho chili choncho mwadala. Mapu anati mwini wake waona ndipo wasaina, iwo n'kunena kuti basi, adinda.

Ndalama zija anapita nazo kuchipatala sabata yomweyo. Anamupaka mankhwala ochititsa dzanzi pansi pa khutu, n'kumuyesa pa kamalo kofanana ndi chikhadabo. Kunamveka fungo la tsitsi lopserera, ndipo ululu wake unali ngati kulumidwa ndi nyerere zambiri nthawi imodzi. "Musasunthe mutu," anatero dokotala. Mapu anayankha kuti zimenezo amazitha.

Masabata awiri otsatira anali ndi mpata wokwanira woti abweze chithunzicho. Anaganizirapo za achimwene, amene chakudya chawo chinkachokera m'ndowa ya mafuta ija, ndi za ana awo awiri. Foni anaitolapo kamodzi, nambala ya osindikiza ili pamaso. Kenako anakumbukira achimwene omwewo akuyang'ana wailesi yozimitsa, n'kuibweza foniyo m'thumba.

Sitolo inatsegulidwa Loweruka m'mawa, dzuwa likuswa mtengo. Panali mipando yapulasitiki, zokuzira mawu, atsikana a kusaluni atavala zofanana, ndi amayi ambirimbiri ogula mafuta aja, ena ali ndi timabotolo m'zikwama. Osindikiza anapachika chikwangwani chili chokutidwa ndi nsalu yobiriwira, poti mlamu ankafuna kuti anthu adzidzimuke. Mapu anaima kumbuyo, chipewa chachikulu kumutu monga anamulamulira dokotala, kamera pakhosi. Ntchito yojambula mwambowo anaipempha yekha.

Okoka chingwe anali achimwene. Nsalu inagwa. Anthu anayamba kuwomba m'manja, kenako kuwombako kunazilala pang'onopang'ono. Pakhomapo panali nkhope yotalika kuposa chitseko, tsaya limodzi la mngelo, kwina konseko zigamba zakuda zazikulu ngati mbale ndi mitsempha yofiira. Ena anayamba kunong'onezana kuti mwina n'zadala, mbali ina ikusonyeza munthu asanadzole, ina atadzola. Mayiyo akanakhala chete mwina akanapulumukira pomwepo. Koma anali atagwira kale maikolofoni. Achimwene anamukoka dzanja, iye n'kuwakankha.

"Amayi anzanga, nkhope mukuionayo ndi yanga ya lero lino, yonseyo, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano. Palibe chimene awonjezerapo. Ndi mmene mudzakhalire nonsenu mukapitiriza kudzola."

Thukuta linali litalemba mizere paphaudala wake, ndipo m'mizeremo munkaonekera zakuda zomwezo zimene zinali pamwamba pa mutu wake. Mayi wina wa pampando wakutsogolo, kasitomala wa zaka zitatu, anatulutsa kansalu, n'kunyowetsa ndi malovu, n'kupukuta tsaya lake lomwe, n'kulionetsa kwa mnzake. Kachigamba kake kanali kadakali kakang'ono. Anatulutsa botolo m'chikwama n'kukaliika pansi, pamapazi a mlamu. Wachiwiri sanaike, anaponya. Mafoni anakwera m'mwamba. Mlamu ankatembenukira uku ndi uku akumwetulirabe, akufunsa atsikana ake kuti chachitika n'chiyani, ndipo panalibe wolimba mtima woti amuuze. Mapu anajambula zonse mosathamanga. Tisabise, zinamukoma kwambiri.

Lolemba masana, abwana atapita kukadya, chitseko cha situdiyo chinatseguka popanda kugogoda. Analowa mlamu, kumaso kulibe phaudala, pamphuno pali magalasi aja. Maso ake mkatimo ankaoneka aakulu, ofiira. Achimwene anatsalira pakhomo, makiyi a galimoto m'manja. Sitolo inali yotseka, chikwangwani atachitsitsa, koma zithunzi zake zinali m'foni ya aliyense.

"Wandipha," anatero mlamu. "Wandivula pamsewu, mfiti iwe. Ine amene ndinakudyetsa, ndinakuveka."

"Munalipira tsaya limodzi. Ndinakuuzani katatu kuti muvale magalasi."

"Zonsezi chifukwa cha kachipsera..."

Mawuwo anathera panjira. Anali atayandikira kuti amuloze chala kumaso, ndipo aka kanali koyamba kuti aliyang'ane tsayalo ndi maso oona. Mapu anazindikira. Anadzuka, n'kuyatsa nyale zonse ziwiri, n'kukhala pakampando kozungulira kaja, kamene anali asanakhalepo chiyambire ntchito. Anatembenuzira tsaya lakumanzere ku kuwala. Nyale za situdiyo sizibisa kanthu. Zinaonetsa khungu lokwinyika lonyezimira, m'mphepete mwake motukuka, malo otuwa ndi malo akuda, khutu lokokeka pang'ono, ndi kamchira kolowa kuchibwano.

"Yandikirani, alamu. Ndi ntchito yanu."

Mlamu anayandikira. Anakweza dzanja ngati akufuna kukhudza, n'kulibweza.

"Kodi n'chachikulu chonchi?"

"Onetsetsani, musafulumire. Sindisuntha mutu. Ndimatha kukhala chonchi mpaka munthu atamaliza kukangana ndi telala, mukudziwa inu."

Mlamu anabwerera chafutambuyo n'kukhala pabenchi la makasitomala.

"Sunasunthe," anatero motsitsa. "Ndinatenga chitini cholakwika. Ndinaona tsiku lomwelo, nditavala magalasi kuchipinda."

Mapu anali atadikira mawu amenewo kuyambira ali mtsikana, ndipo ankaganiza kuti akadzawamva adzalira. Sanalire. Anangoona kuti anenedwa motsitsa kwambiri poyerekeza ndi bodza lija, limene linanenedwa mokweza kwa aliyense wofuna kumva.

"Bwerezani. Achimwene ali patali, sanamve."

"Ndamva, achemwali," anatero achimwene, maso ali pansi.

"Inu munamva kalekale, mumangosowa pakamwa. Abwereze."

Mlamu anabwereza, mokweza. Mapu anati Lamlungu akabwerezenso pamaso pa amayi ndi ana, pa nthawi ya chakudya, ndipo panalibe amene anatsutsa. Kenako anatsika pampando, n'kutulutsa m'kabati pepala lopindidwa kanayi lija, n'kuliyala pamiyendo ya mlamu, ulendo uno molunjika.

"Tsopano mutha kuwerenga nokha. Mwalipira ulendo umodzi wa tsaya. Kwatsala atatu, ndi chibwano chonse."

Mlamu anawerama. Chala chake chinatsatira chipsera chimene namwino anajambula, mpaka pamene chinadumpha mzere. Koma sichinaime pamenepo. Chinapita ku tsaya linalo, chinakwera pachipumi, chinazungulira maso, n'kutsika pang'onopang'ono ndi mitengo ya m'mbalimo. Dzanja lake linalo linali pankhope yake yomwe.

"Nanga nkhope yonse amati bwanji?" anafunsa, osadzutsa mutu.

"Ili pamzere wapansi. Koma munthu wodzola mafuta anuwo dokotala samugwira mpaka atasiya chaka chathunthu, ndipo ngakhale atasiya salonjeza kanthu. Ndinakufunsirani."

Mapu anazimitsa nyale imodzi, n'kuvala chipewa chake.

"Ndiye nthawi ilipo, alamu. Yambani ndi tsaya langa."